Masiku anayi ku Lisbon: tione ziti, tisiye ziti?

Make Tadala (Manchester):
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi pempho. Ine, bambo a kunyumba ndi Tadala tikufuna tikapumeko ku Lisbon kumapeto kwa Meyi, sabata imene ana amakhala pa holide ya pakati pa teremu. Kunyamuka Lachisanu m'mawa, kubwerera Lolemba usiku. Tonse atatu mapasipoti athu ndi a Malawi. Zomwe ndalemba papepala ndi izi: linga la São Jorge, kukwera tram 28 (kasitima koyenda mumsewu), Sintra, Fátima, bwalo la mpira la Benfica chifukwa cha abambo ake, Oceanário (malo oonera nsomba ndi zamoyo za m'nyanja) chifukwa cha mwana, Belém Lolemba tisanakwere ndege, ndipo nthawi ikalola tikasuzumireko ku Porto. Amene munapitako, zingatheke zimenezi? Nanga tigone dera liti?

Nachisale (Luton):
Achemwali, tisanafike pa tram, viza mwayamba kale? Ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, chilolezo chokhala ku UK sichilowetsa munthu ku Portugal. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndiye Meyi ali mkati kale. Lamulo limati yankho lituluke pa masiku 15, koma akafuna kufufuza zina akhoza kufikitsa masiku 45. Chimene chimadya nthawi kwenikweni ndi kupeza tsiku lokapereka mafomu ndi kudinda zala, chifukwa nyengo yotentha ikamayandikira aliyense amathamangira komweko. Wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, kenako muwonjezere ya ofesi yolandira mafomu.

Make Tadala (Manchester):
Zikomo a Nachisale. Ndiyamba sabata ino. Tadala ali ndi zaka 9. Mapepala amafuna ati?

Nachisale (Luton):
Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo ikhale yoti itsala ndi miyezi itatu kapena kuposa kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke ku Portugal. Inshuwalansi ya paulendo yolipira chipatala mpaka mayuro 30,000, yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen. Umboni wa ndege yopita ndi yobwerera, umboni wa pogona, sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, mapeyisilipi, kalata ya kuntchito, ndi umboni wa eVisa yanu ya kuno. Kwa Tadala tengani satifiketi yobadwira ndi kalata ya kusukulu, ndipo makolo nonse awiri musayine. Hotela sankhani yoti mukhoza kuikana osataya ndalama, viza ikachedwa musalire kawiri.

Mlamu wa ku Reading:
Ndiwonjezere pang'ono. Ngakhale ife a pasipoti ya Britain, amene sitifuna viza pa ulendo waufupi, masiku ano timajambulidwa nkhope ndi zala pa chipata, chiyambire njira yatsopano ija mu Okutobala 2025. Mzere umatalika, ndiye Lachisanu lanulo musaliwerengere lonse. Kuchoka ku Manchester ndi maola pafupifupi atatu m'mwamba, ndipo nthawi ya ku Lisbon ndi yofanana ndi ya kuno, wotchi simusintha. Tikiti yotchipa muiwerenge bwino, nthawi zambiri imangolola kachikwama kolowa pansi pa mpando. Pa masiku anayi kachikwama kameneko kamakwana, mwezi umenewo kumafunda. Musaiwale adaputa, masoketi a kumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Amayi a Tadala, takulandirani musanafike. Ine kwathu ndi ku Angónia, koma ndimakhala ku Amadora kunja pang'ono kwa Lisbon, ndipo m'tauni ndimalowa tsiku ndi tsiku. Ndinene mosabisa, mndandanda wanuwo ndi wa masabata awiri. Porto ichotseni lero lomwe, pa sitima yothamanga ndi maola pafupifupi atatu kupita kokha. Sintra imafuna tsiku lathunthu. Fátima imafunanso tsiku lathunthu. Mukatenga zonse ziwiri, Lisbon yeniyeniyo mudzaiona Lachisanu muli otopa ndi Lolemba mutaberekera zikwama.

Chachiwiri, Belém musaiike Lolemba. Nyumba ya amonke ya Jerónimos imatseka Lolemba, monganso malo ambiri osungira mbiri. Oceanário ndiyo imatsegula tsiku lililonse, ndipo ili pa Oriente, siteshoni yachitatu kuchoka pa bwalo la ndege pa metro ya mzere wofiira. Ndiye sinthanitsani, Belém Lamulungu, nsomba za Tadala Lolemba.

Nabanda (Birmingham):
Zoona zimene anena achimwene a ku Ulongwe. Pa mapu mzindawu umaoneka waung'ono, umati apa ndi apa ndi mphindi khumi wapansi, koma mapu saonetsa chitunda. Kuchoka ku Baixa, chigwa cha pakati pa tauni, kukwera ku linga kuli ngati kuchoka pamsika wa Zomba kulowera msewu wa ku Chawe. Pansi anayala timiyala toyera tosalala, kukagwa kamvula timaterera kwambiri. Nsapato zikhale zamphira zogwira pansi, zomwe munazizolowera kale. Zatsopano ndi zazidendene zitsale ku Manchester.

Make Tadala (Manchester):
Porto yachoka. Sintra ndikumva chisoni, zithunzi za nyumba yachifumu yachikasu ndi yofiira ija zinandikoka mtima. Koma Fátima ndiye ndikulimbana nayo, amayi anga akamva kuti ndinafika ku Portugal osapondako sandimvetsa.

Agogo a Chimwemwe (Leeds):
Mwana wanga, ine pa Fátima pokha ndilankhulepo. Si malo ongokajambulitsa, ndi malo a mapemphero. Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu oweta nkhosa, Lúcia, Francisco ndi Jacinta, kuyambira pa 13 Meyi mpaka pa 13 Okutobala 1917. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anabwera kwathu mu 1989, anawomberedwa pa 13 Meyi 1981, ndipo chipolopolo chimodzi anachipereka kumeneko, chili m'chisoti cha chifanizo cha Amayi Maria. Ine nditaima pa kachalitchi kakang'ono ka pamalo oonekerapo misozi inangotsika yokha. Chokoma koposa ndi kolona ya usiku ndi mdipiti wa makandulo, anthu a zilankhulo zosiyanasiyana kuyankha pemphero limodzi. Ndiye mtima wanga ukuti musaichotse.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Agogo, mawu anuwo ndawalandira ndi manja awiri, ndipo ndi chifukwa chomwecho ndikuti Fátima isapanikizidwe. Basi imanyamukira pa Sete Rios, ulendo wake ndi ola limodzi ndi theka. Wopita m'mawa n'kubwerera madzulo amapeza dzuwa pa bwalo lalikulu lija, Misa imodzi, sitolo za makolona, basi. Makandulo amene mukunenawo amayatsidwa cha m'ma 9 koloko usiku kupita m'tsogolo. Wofuna kuwaona bwino agone konko. Pa ulendo wa mausiku atatu, ndi mwana, sizikwanira.

Agogo a Chimwemwe (Leeds):
Pamenepo mwanena zoona mwanawe, ife tinagona konko. Ndiye Make Tadala, bwanji Fátima muisungire amayi anu, mudzapite nawo limodzi? Mphatso yoposa imeneyo palibe.

Make Tadala (Manchester):
Agogo mwandipatsa nzeru. Amayi akuyembekezeka kubwera chaka chamawa kudzationa.

Nachisale (Luton):
Pamenepo chenjeranipo msanga. Munthu amene wabwera ku UK ndi viza ya mlendo kawirikawiri saloledwa kupempha Schengen ali kuno, amauzidwa akapemphe kudziko lomwe amakhala. Ndiye amayi adzayambe za viza ya ku Portugal ali kumudzi, asanakwere ndege yobwera kuno. Anthu ambiri zimenezi amazidziwa mayi atafika kale, ulendo n'kulephereka.

Bambo a Chisomo (Glasgow):
Pepani ndilowererepo ndi nkhani yosiyana pang'ono. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine Belém imandivuta mumtima. Agogo anga aamuna anachoka kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya Milange, kuthawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, n'kudzakhala ku Phalombe komwe anakumananso ndi thangata. Alomwe ambiri tinalowa ku Nyasaland mwa njira imeneyo. Ndiye ndikaona zithunzi za anthu athu akumwetulira pansi pa chipilala chachikulu chija cha oyenda panyanja, ndimadzifunsa ngati akudziwa chomwe chikulemekezedwa pamenepo. Chipilalacho anachimanga mu 1960, nthawi ya Salazar, wolamulira wankhanza wa Portugal, pomwe abale athu ku Tete ndi ku Zambézia ankalimitsidwa thonje mokakamiza. Sindikuletsa munthu, koma ndalama yanga ine sindingakaitayire pamenepo.

Nabanda (Birmingham):
Achimwene, ndikumvetsa, koma tikatero ndiye ku London komwe tisamayendeko. Theka la zipilala za kumeneko nkhani yake ndi yomweyo. Mwana wa zaka 9 akungofuna kuona nyanja ndi kudya keke.

Bambo a Chisomo (Glasgow):
Mwana wa zaka 9 ndi amene amafunsa mafunso, achemwali. Akafunsa kuti anthu awa ndi ndani, tiyankha chiyani? Kuti anatulukira Africa? Makolo athu analipo kale.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Bambo a Chisomo, nkhani mwayambayi ndi yanga yomwe. Makolo anga anabadwa pansi pa mbendera imeneyo, ndipo pa nkhondo ya pambuyo pa ufulu banja lathu linakhalapo ku Dedza ngati othawa kwawo. Komabe alendo anga onse ndimapita nawo ku Belém, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Pagombe limenelo ndi pomwe Vasco da Gama ananyamukira mu Julaye 1497, n'kufika pa chilumba cha Mozambique mu Malichi 1498. Manda ake ali m'tchalitchi cha Jerónimos, pafupi ndi khomo. Nyumba yonseyo, yomwe anayamba kuimanga cha m'ma 1501, inamangidwa ndi msonkho wa malonda ochokera ku Africa ndi ku India. Ukaima m'kati n'kuona miyala yosemedwa ngati zingwe za ngalawa, umaona ndi maso kumene chuma chinkapita. Patsogolo pa chipilala mukunenacho pali mapu aakulu a dziko lonse oyalidwa pansi, mphatso ya boma la South Africa la nthawi ya tsankho, olembedwa zaka zomwe ngalawa zawo zinafika malo osiyanasiyana. Pa Cape analemba 1488. Mwana akhoza kuponda pamene pali kwawo, inu n'kumuuza kuti apa panali anthu, mafumu ndi malonda ngalawazo zisanabwere. Phunziro limenelo m'kalasi ya ku Manchester salipeza.

Koma Belém yokha ndi theka la nkhani. Theka linalo lili m'tauni, ndipo mabasi a alendo saimapo. Pafupi ndi Rossio pali bwalo la São Domingos, pomwe anthu akuda akhala akukumana kwa zaka mazana ambiri. Tchalitchi cha pamenepo chinali ndi bungwe la akhristu akuda kalekale, ndipo olemba mbiri amati cha m'ma 1550 munthu mmodzi mwa khumi alionse mu Lisbon anali kapolo. Mpaka lero madzulo mupeza abale a ku Guiné atakhala pamenepo akucheza. M'tchalitchimo lowani, chinapsa mu 1959 ndipo zipilala anazisiya zakuda ndi zong'aluka momwemo. Kenako kwerani ku Largo do Carmo. Pa 25 Epulo 1974 asilikali otopa ndi nkhondo za ku Angola, Guiné ndi Mozambique anazinga nyumba ya apolisi ya pamenepo, motsogozedwa ndi Kaputeni Salgueiro Maia, mpaka mtsogoleri wa boma, Marcelo Caetano, anagonja. Patangotha chaka ndi miyezi iwiri, pa 25 Juni 1975, Mozambique inalandira ufulu. Apwitikizi enieniwo amadziwa kuti ufulu wawo unayambira m'nkhalango za kwathu. Pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Sé palinso Museu do Aljube, yomwe inali ndende ya andale nthawi ya ulamuliro wankhanza, ndipo muli chipinda cha nkhondo za ufulu wa maiko a mu Africa. Ndiye ine ndikuti pitani, muone zonse ziwiri.

Bambo a Chisomo (Glasgow):
Za Carmo ndi Aljube ndi zachilendo kwa ine, zikomo achimwene. Pa chipilala chija maganizo anga sanasinthe, koma ulendo wokonzedwa chomwechi ndi wina. Make Tadala, mukakafika pa mapu apansiwo mukamuonetse mwana mtsinje wa Zambezi pomwe uyenera kukhala, ndi nyanja yathu.

Make Tadala (Manchester):
Ndidzatero achimwene, ndipo zikomo poyambitsa nkhaniyi. Agogo a Tadala a kuchimuna ndi a ku Mulanje, ndiye ikumukhudza.

Bambo a Tadala:
Moni akuluakulu, mayi a kunyumba andilowetsa pagulu kuti ndidziteteze ndekha pa nkhani ya mpira. Ine pempho langa ndi limodzi, bwalo la Benfica lisachoke. Bambo anga ankakamba za Eusébio, katswiri wa mpira wa Benfica uja, ngati m'bale wawo. Kodi tingapeze masewera sabata imeneyo?

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Takulandirani bambo. Ligi imatha chapakati pa Meyi, ndiye masewera a ligi simuwapeza. Koma bwalo lawo la Luz amayendetsamo alendo, ndipo pali nyumba yosungira zikho. Chifanizo cha Eusébio chili panja, aliyense amajambulitsa ulere. Metro ya mzere wabuluu, mutsike pa Colégio Militar/Luz. Maola awiri akukwanirani.

Ndipo pali malo ena amene okonda mpira ambiri sawadziwa. Eusébio anabadwira ku Mafalala, mu Lourenço Marques yomwe lero ndi Maputo, mu 1942. Pa World Cup ya 1966 ku England anamwetsa zigoli 9, kuposa wina aliyense. Anamwalira mu Januwale 2014, ndipo mu 2015 mafupa ake anawasamutsira ku Panteão Nacional, komwe amaika anthu olemekezeka kwambiri a dziko lino. Panteão ili m'mphepete mwa dera lakale la Alfama, ndipo kuseri kwake Loweruka ndi Lachiwiri kumakhala msika wa kaunjika ndi zakale wotchedwa Feira da Ladra. Ndiye Loweruka m'mawa bambo akaone manda, mayi akazungulire msika, kenako nonse mukwere padenga la Panteão muone mtsinje wa Tejo.

Bambo a Tadala:
Basi, ine ndakhuta. Zotsalazo agamule mayi.

Nambewe (Nottingham):
Ine ndifunse m'malo mwa Make Tadala, poti nanenso ndikumvetsera ndi cholinga. Tram 28 ija ndi yoyeneradi? Ndimamva kuti mzere wake ndi wautali ndipo muli opisa m'matumba.

Nabanda (Birmingham):
Zonse ziwiri ndi zoona. Pa Martim Moniz, pomwe imayambira, masana mukhoza kuima ola lathunthu padzuwa, ndipo ka tram kake ndi kakang'ono, mipando yochepa. Ukaimirira suona kanthu, umangoona misana ya anthu. Mukafuna mpando wa pawindo pitani isanakwane 8 koloko m'mawa, kapena mukakwerere mbali inayo, ku Campo de Ourique. Ikamadutsa tinjira ta Alfama ndi Graça, khoma kungotsala pang'ono kukhudza windo, mwana adzasangalala. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba la kumbuyo. Mapasipoti ndi makadi musasunge munthu mmodzi.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Ndiwonjezere za malipiro. Mukatsika ndege, pa makina a pa metro gulani kadi ya pepala ya Navegante, ndi masenti 50, aliyense yake, Tadala yemwe. Muikemo ndalama mwa njira yomwe amati zapping. Kadi imeneyo imagwira pa metro, basi, tram, sitima ya ku Belém ndi boti lowoloka mtsinje. Kulipira kwa dalaivala mu tram ndi kodula pafupifupi kawiri. Iliponso tikiti ya maola 24 ya metro, basi ndi tram, koma yotchipayo silowa pa sitima kapena pa boti, ndiye kwa inu zapping ndi yosavuta.

Ku Belém musalimbane ndi tram 15 yodzaza. Kwerani sitima pa Cais do Sodré, mzere wa ku Cascais, mphindi zosakwana khumi mwafika, mungoonetsetsa kuti ndi yoima pa Belém. Pa Cais do Sodré pomwepo pali boti lopita ku Cacilhas, mphindi khumi, mtengo wa basi. Mukawoloka dzuwa likamapendeka mumaona mzinda wonse, mlatho wa 25 de Abril ndi chifanizo cha Cristo Rei. Maboti a alendo amalipiritsa mayuro ambirimbiri pa mtsinje womwewo.

Tingolo tokwera zitunda tija, muyambe mwafunsa ngati tikuyenda. Mu Sepitembala 2025 ka Glória kanaduka chingwe, anthu 16 anamwalira, ndipo tinzake anatiimitsa kuti atiunike. Mzinda unalira kwambiri.

Make Tadala (Manchester):
Mizimu yawo iuse mumtendere. Nanga pogona? Ndaona tinyumba tokongola ku Alfama ndi ku Bairro Alto.

Mlamu wa ku Reading:
Bairro Alto ndi mwana ayi. Masana kuli zii, usiku ndi mabala okhaokha mpaka mbandakucha. Alfama ndi kokongola, koma nyumba zambiri ndi zakale zopanda chikepe, masitepe opapatiza, ndipo takisi sifika pakhomo paliponse.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Yang'anani Saldanha, São Sebastião kapena Alameda. Ndi madera wamba okhala anthu, pansi ndi posalala, pali masupamaketi, ndipo onse ali pa mzere wofiira wochokera ku bwalo la ndege, osasintha sitima. Pa Alameda pamadutsanso mzere wobiriwira wopita ku Martim Moniz, Rossio ndi Cais do Sodré. Pa São Sebastião pamadutsa wabuluu wopita ku Benfica ndi ku Baixa. Mitengo imatsikirapo poyerekeza ndi pakati pa tauni. Mukumbukire msonkho wa alendo, mayuro 4 munthu wamkulu pa usiku uliwonse. Nthawi zambiri sukhala mu mtengo wa pa intaneti, amakuuzani mukafika.

Nambewe (Nottingham):
Zakudya bwanji? Ine mwana wanga amavuta, akapanda kuona mpunga ndi nkhuku ndiye kuti sanadye.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Ameneyo kuno savutika, mpunga ndi nkhuku yootcha ya piripiri zili paliponse. Chakudya chachikulu idyani masana, funsani prato do dia, mbale ya tsikulo, m'timalesitilanti tating'ono ta m'makwalala. Pewani malo a mu Rua Augusta omwe munthu amaima pakhomo ndi menyu ya zithunzi kukukokani. Mukakhala pansi amabweretsa buledi, maolivi, batala, nthawi zina tchizi, musanaitanitse. Si zaulere. Mukadya mulipira, mukapanda kufuna nenani achotse, palibe amakwiya. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, nyamulani botolo. Usiku malo ambiri amayamba kupereka chakudya cha m'ma 7 koloko ndi theka, ndiye mwana mumugulire kena kake madzulo.

Mukalakalaka za kwathu, ku Mouraria, kukwera pang'ono kuchoka pa Martim Moniz, kuli Cantinho do Aziz, malo a banja la ku Mozambique. Kuli matapa, masamba a chinangwa otendera ndi nsinjiro ndi kokonati, kuli nkhanu, masamusa, ndipo mukafunsa xima akupatsani nsima. Sungitsani tebulo, malo ndi ochepa. M'masitolo a pa Martim Moniz mupezanso ufa, chinangwa ndi therere.

Nabanda (Birmingham):
Ndipo makeke a ku Belém musawaphonye. Sitolo yake yakhala ikuphika kuyambira 1837, njira yophikira inachokera kwa amonke a Jerónimos. Mzere wautali wa panja ndi wa ogula kunyamula. Lowani m'kati, muli zipinda zambiri zokhalamo, mudye ali otentha mutawaza sinamoni.

Agogo a Chimwemwe (Leeds):
Poti Fátima yasungidwa, Lamulungu musaphonye Misa. Ndipo Antonio Woyera amene timamutchula wa ku Padua uja anabadwira ku Lisbon konko, tchalitchi chake chili pafupi ndi Sé, pamalo pomwe panali nyumba ya makolo ake. Mukalowemo ngakhale mphindi zochepa, mukatipempherereko.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Agogo akumbutsa chinthu chothandiza. Tchalitchi cha Jerónimos ndi parishi yamoyo, Lamulungu m'mawa mumakhala Misa ndipo ongodzaona malo amadikira. Ndiye lowani ngati akhristu, mupemphere, manda a Vasco da Gama muwaone potuluka. Tikiti ndi ya mbali ya amonke, igulireni pa intaneti. Tchalitchi cha Antonio Woyera, Sé ndi Aljube zili pamodzimodzi, tram 28 imadutsa pakhomo. Mukanabwera pa 12 ndi 13 Juni mukanapeza chikondwerero chake, Alfama yonse utsi wa nsomba zootcha, koma mahotela amakwera mtengo, ndiye Meyi wanuyo ali bwino.

Linga la São Jorge ndi labwino kwa mwana, pali makoma okwera ndi mbalame za pikoko zoyendayenda. Koma mukaona kuti miyendo kapena thumba zatopa, malo oonera mzinda a Portas do Sol, Santa Luzia ndi Senhora do Monte ndi aulere, ndipo wa Senhora do Monte uli pamwamba kuposa lingalo. Chigwa chonse chomwe muchione pansi, misewu yowongoka ngati anaiyeza ndi chingwe, ndi Baixa yomwe Marquês de Pombal anaimanganso chivomerezi cha pa 1 Novembala 1755 chitagwetsa mzinda, anthu ali m'matchalitchi pa tsiku la Oyera Onse. Tchalitchi cha Carmo chili chopanda denga mpaka lero chifukwa cha tsiku limenelo.

Make Tadala (Manchester):
Abale, mwandithandiza kwambiri. Ndondomeko yatsopano ndi iyi, mundikonze pomwe palakwika. Lachisanu tikafika tisiya zikwama, tidya, kenako Rossio, São Domingos ndi Carmo pang'onopang'ono, madzulo boti la ku Cacilhas. Loweruka tram 28 m'mamawa, Panteão ndi msika, kutsetsereka mu Alfama mpaka kwa Antonio Woyera ndi Aljube, linga tikaona mphamvu, usiku nsima ku Mouraria. Lamulungu Misa ku Jerónimos, mapu apansi, makeke, masana bwalo la Benfica. Lolemba Oceanário kenako ndege. Sintra ndi Fátima zidikire amayi.

Mwana wa ku Ulongwe (Amadora):
Yakhala bwino. Ziwiri zokha. Loweruka lanulo ndi lolemera, linga lisiyeni ngati pofika 3 koloko Tadala wayamba kukoka miyendo. Ndipo Lolemba muone pa tikiti ngati ndege yanu ikunyamukira pa Terminal 2. Metro imafika pa Terminal 1 pokha, kupita pa 2 mumakwera basi yaulere ya pabwalo pomwepo, ndiye muwonjezere theka la ola. Tsiku likayandikira mundilembere kumbali, Loweruka ndikapanda kugwira ntchito ndidzakuperekezani ku Mouraria.

Nachisale (Luton):
Ndondomeko imeneyo muilembe pa pepala limodzi, tsiku ndi tsiku, muiphatikize ku mafomu a viza. Masiku a hotela, a ndege ndi a inshuwalansi agwirizane ndendende, ndipo mayina onse atatu aoneke pa umboni wa hotela, osati la munthu mmodzi yekha.

Make Tadala (Manchester):
Ndamva achemwali. Ndikuyang'ana tsiku la mafomu usiku uno ndikaweruka. A Nambewe, ngati mukufunadi Meyi yemweyo ndiuzeni lero, tifunefune hotela imodzi cha ku Alameda.